Kusiya shifiti mphamvu zikadalipo

Ndikupereka moni kwa inu a ku Rimuka ndi ku Ngezi mu Kadoma, inu a ku Eiffel Flats ndi ku Chakari, komanso inu a ku Pfupajena ndi ku Kaguvi mu Chegutu. Amene muli m'kombi pamsewu wa Harare ndi Bulawayo, apempheni adalaivala akwezeko wailesi pang'ono, pakuti nkhani ya lero ndi ya aliyense amene amadzuka tambala asanalire kupita ku ntchito ya munthu wina.

Funso lake ndi ili. Kodi n'zotheka munthu wa kuno kusiya shifiti ali ndi zaka 50 kapena 55, n'kumadalira zinthu ziwiri: kachuma kamene wasunga, ndi kantchito ka masiku awiri kapena atatu pamlungu? Sindikunena zokhala pakhonde manja ali lende kudikira kuti ana atumize. Ndikunena zotula ntchito yolemetsa msana ukadali wowongoka, n'kutenga yopepukirapo. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, ndipo ena akuchita, koma osati m'njira imene achinyamata athu akuionera pafoni.

Njira ya pafoniyo kwawo ndi ku America. Mu 1994 mlangizi wina wa zachuma wa ku California, William Bengen, anaunika mmene masheya ndi ngongole za boma la dziko lawo zinayendera kuyambira 1926. Anapeza kuti munthu akatapa magawo 4 pa 100 alionse a chuma chake chaka choyamba, kenako n'kumawonjezera pang'ono chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo, chumacho chingamusunge zaka 30. Anthu anangotembenuza masamuwo, amvekere: ndalama zimene umadya pachaka uzichulukitse ka 25, ukazipeza zimenezo uzitsanzika bwana. Ena ataona kuti n'zambiri anati ayi, tisunge theka, theka linalo tizilipeza pogwira ntchito ya maola ochepa, monga kugulitsa khofi m'sitolo, makamaka kumene bwana amalipirirako inshulansi ya chipatala, poti kumeneko kudwala n'kodula koopsa.

Masamu a Bengen si abodza. Kungoti iye ankawerengera ndalama imene siinafepo. Ife kuno maliro a ndalama tawayika kangati? Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julaye 2008 mitengo inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Mu Januwale 2009 tinagwira m'manja pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni, ndipo patangopita milungu yochepa dola yathu inasiyidwa, tonse n'kusamukira ku dola ya America ndi randi. Tinapumako zaka zingapo. Kenako mu Novembala 2016 kunabwera mabondi, akuti ndi ofanana ndi dola ya America, imodzi kwa imodzi. Mu Febuluwale 2019 madola amene anthu anali nawo m'mabanki anasandulika a RTGS, ndipo tsiku loyamba lomwelo pamsika wa mabanki pankafunika awiri ndi theka kuti ugule dola imodzi yeniyeni. Pa 5 Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG pamtengo wa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa kufika pa 24 ndi kanthu. Munthu amene anayamba ntchito mu 1990 wadutsa monsemo ali ndi buku lake la kubanki m'thumba.

Amene zinawapweteka kwambiri ndi amene anamvera malangizo. Anasonkha penshoni zaka 25, 30, mwezi uliwonse osaphonya, ndipo pamene ndalama zinasinthidwa mu 2009 ena anauzidwa kuti zonse zija zatsala madola owerengeka pa zala. Mu 2015 boma linakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi motsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith, ndipo komitiyo inapeza kuti anthu anapwetekedwadi, ayenera kupepesedwa. Malamulo a kaperekedwe ka chipukutamisozicho anadzatuluka mu 2023, patatha zaka 14. Ambiri amene ankadikira anali atagona kale kumanda. Akuluakulu sananame kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsopano tibwere kwathu kwenikweni, ife ana ndi adzukulu a amene anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata. Makolo athu anafika kuno ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ena wapansi kudutsa m'tchire la Tete ndi kuwoloka Zambezi. Anapeza ntchito ku migodi ya Cam and Motor, Dalny ndi Golden Valley, m'mafamu a thonje ndi chimanga, ndipo ana awo ambiri analowa m'mafakitale a nsalu a David Whitehead ku Chegutu ndi ku Kadoma, dzina limene a ku Blantyre akulidziwanso bwino. Ntchito zimenezi zinali ndi chinthu chimodzi chofanana: nyumba inali ya bwana. Ntchito ikatha, makiyi ubweze. Mnzathu wachishona akapuma amanyamula katundu wake ulendo kumusha, kumene kuli munda, khola ndi manda a makolo ake. Nanga ife? Kumudzi kwathu ndi ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, kumene adzukulu sanapondeko, kumene munda wa agogo unagawidwa kalekale kwa amene anatsala. N'chifukwa chake agogo ambiri amatchedwa matchona. Sikuti onse sankakumbuka kwawo. Ena analibe chobwerera nacho.

Ndipo kupuma msanga, kunena zoona, anthu ambiri a kuno sanakusankhe, kunachita kuwapeza. Cam and Motor unatsekedwa mu 1968, n'kudzatsegulidwanso ndi RioZim patapita zaka zoposa 40. Mgodi wa pulatinamu wa Hartley ku Selous, umene kampani ya BHP inathirapo ndalama zankhaninkhani, unaima mu 1999 utangogwira zaka zochepa. Kuyambira mu 2000 mafamu a kuzungulira Chegutu anasintha eni, antchito ambiri n'kutaya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi. David Whitehead inakhala zaka zambiri ili m'manja mwa woyang'anira woikidwa ndi khoti, makina ambiri ali zii. Dalny ku Chakari unaima mu 2013. Yang'anani m'makomboni ndi m'malokeshoni mwathu, muone amene anaimabe zitachitika zimenezi. Kawirikawiri si amene anali ndi ndalama zambiri pabuku. Ndi amene anali ndi luso m'manja, chida chakechake chogwirira ntchito, ndi denga limene palibe akanamuchotsamo.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi a ku America aja. Kwa iwo mzati wa nyumba ndi chuma chosungidwa, ntchito yaing'onoyo ndi mchirikizo chabe. Kuno ku Kadoma ndi Chegutu zinthu n'zotembenuka. Mzati ndi ntchito yaing'onoyo, chifukwa mtengo wa ntchito ya manja umakwera pamodzi ndi mtengo wa ufa, ndipo palibe chikalata cha boma chimene chingaufufute usiku umodzi. Chuma chosungidwa ndicho mchirikizo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti banja lanu limadya madola 300 pamwezi, kuphatikiza chakudya, magetsi, madzi, mankhwala ndi chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti. Pachaka ndi 3,600. Mukachulukitsa ka 25 mupeza madola 90,000. Ndani wa ife pamalipiro a kumgodi kapena a kusukulu angaunjike zimenezo? Ambiri atamva nambalayi amangoti basi, tidzafera pantchito. Koma taonani. Ngati luso lanu likubweretsa madola 150 pamwezi, ndipo zipinda ziwiri za kuseri zikubweretsa lendi ya madola 50 chilichonse, chotsala ndi madola 50 okha pamwezi, kapena 600 pachaka. Chulukitsani ka 25, mupeza 15,000. Ndi ndalama zambiri ndithu, koma si maloto. Dola iliyonse imene kantchito kanu kakubweretsa pamwezi ikukuchotserani madola 300 pa chuma chimene mukanafunika kusunga. Ine ndikanawonjezerapo ndithu pamwamba pa 15,000 imeneyo, chifukwa alendi amathawa usiku, ndipo miyezi ina ntchito imasowa.

Mwaona kuti m'masamu amenewa mulibe lendi yolipira inuyo. Sindinaiwale. Munthu amene akukhalabe m'nyumba ya kampani kapena ya lendi, nkhani yosiya shifiti aiike kaye pambali. Kwa ife opanda kumusha penshoni yoyamba ndi nyumba ya m'dzina lathu, ngakhale ya zipinda zitatu, ngakhale yopanda pulasitala. Ndipo ndikati ya m'dzina lathu ndikutanthauza mapepala. Tikukumbuka Murambatsvina mu Meyi 2005, pamene tinyumba ta kuseri tomangidwa popanda pulani yovomerezeka tinagwetsedwa dziko lonse, ndipo nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Pakati pawo panali agogo amene tinyumbato tinali penshoni yawo yonse. Choncho zipinda za alendi zimangidwe pa pulani imene khonsolo yadinda. Poloti musagule kwa munthu wa pansi pa mtengo amene risiti yake ndi ya m'buku la pagolosale. Pitani nokha ku khonsolo ya Kadoma kapena ya Chegutu mukaone ngati nambala ya polotiyo ilipo, ndi dzina limene lalembedwapo. Ndipo ngati nyumba mukukhalayo ikadali m'dzina la malemu bambo anu, konzani zimenezo mphamvu zoyenda m'maofesi zikadalipo, abale onse akadamvana.

Za mapepala pali chinanso chokhudza ife makamaka. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira kuno anapezeka akutchedwa alendo m'dziko limene michombo yawo inakwiriridwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013, omwewo amene anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, amanena mu gawo 43 kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa. Komabe alipo mpaka lero amene sanasinthitse chitupa, ndi ena amene dzina la pachitupa likusiyana ndi la kuntchito chifukwa kalaliki wa pamgodi analemba mmene anamvera. Chilembo chimodzi chokha chikhoza kukuyendetsani chaka chathunthu pofuna ndalama zanu zomwe.

Tikambe za NSSA, poti ambiri amaidziwa pa pepala la malipiro basi. Thumba limeneli linayamba kutolera mu Okutobala 1994, ndipo masiku ano wantchito amadulidwa 4.5 peresenti, bwana n'kuikanso 4.5. Kuti mudzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi muyenera kukhala mutasonkha miyezi 120, zimene ndi zaka 10. Zikapanda kukwana, koma zitafika miyezi 12, amakupatsani kamodzi n'kutha. Msinkhu wake ndi zaka 60 kwa amene wasiya ntchito, kapena 65. Koma pali khomo lina limene anzathu ambiri salidziwa: amene wagwira ntchito yolemetsa, monga zina za kumgodi, za kufamu, zoswa miyala kapena zoyendetsa malole akuluakulu, kwa zaka 7 mwa zaka 10 zomalizira asanafike 55, akhoza kuyamba kulandira ali ndi zaka 55. Ndiye bambo amene muli ndi zaka 51 ndipo mtima ukuti siya lero, kafunseni kaye. Mwina miyezi yochepa yokha ndiyo ikukulekanitsani ndi khomo limeneli. Ndalama ya NSSA payokha singasunge banja, tonse tikudziwa, koma imagula ufa ndi mafuta, ndipo imabwera ngakhale mwezi umene mwagona ndi malungo. A kumigodi muli ndi thumba linanso, Mining Industry Pension Fund, limene lilipo kuyambira 1952. Uko nakonso pemphani chikalata chosonyeza zimene zinalowa, chifukwa kudulidwa pamalipiro ndi kwina, kufika kwa ndalamazo kuthumba ndi kwinanso. Ndipo amene mwapuma fumbi la pansi zaka zambiri, jambulitsani chifuwa musanasaine pepala lotsanzika. Matenda a fumbi amaonekera mochedwa, ndipo kulondola chipukutamisozi muli kale kunja n'kovuta.

Nanga kantchito kaja kakhale kotani? Dutsani m'Rimuka sabata yomaliza ya Disembala kapena yoyamba ya Januwale, sukulu zili pafupi kutsegulidwa. Mupeza mayi pakhonde, makina a Singer opalasa ndi mwendo ali gwegwegwe, tepi ili m'khosi, choko kuseri kwa khutu, mayunifolomu ali ndandanda pachingwe, lililonse ndi kapepala ka dzina la mwana kobayidwa ndi phini. Magetsi apite asapite, iwo alibe nazo ntchito. Amene wabweretsa nsalu amasiya theka la ndalama, lotsala potenga. Mwezi umenewo amagona pakati pa usiku, koma ikafika Febuluwale amasoka m'mawa mokha, zigamba, mazipi, zovala za amayi a chigwirizano, masana n'kupita kukadimba. Mayi otere ambiri anaphunzira nsalu m'fakitale, ndipo makinawo anagula akadali pantchito. Mfundo yake ili pamenepo. Makasitomala awo sanayambe kuwafuna tsiku limene analandira kalata yothetsa ntchito. Anali nawo kale a Loweruka ndi a madzulo. Ine ndimati kantchito kamene mukufuna kudzadalira kayambe kuyenda chaka chathunthu kapena ziwiri mukadali pamalipiro, ndipo muzilemba m'kope zolowa ndi zotuluka. Kakalephera, kalephere mukadali ndi pogwira.

Abambo a zitsulo muli ndi mwayi umene madera ena alibe. Chigawo chino chadzaza ndi migodi ing'onoing'ono, ndipo paliponse pamene pali chigayo cha miyala, kompuresa, pampu ya madzi kapena jenereta, pamafunika munthu wodziwa kumasula ndi kumanga. Fita, wowotcherera kapena wa zamagetsi amene wagwira zaka 25 pamgodi waukulu ndi munthu wosowa. Foni imalira yokha. Koma mverani bwino apa. Kukonza pampu pamwamba ndi ntchito ya munthu wopuma. Kutsika m'dzenje ndi makorokoza pa zaka 55 si kupuma ayi. Mu Febuluwale 2019 madzi anasefukira m'migodi ya ku Battlefields kufupi ndi Kadoma, anthu osachepera 24 n'kufera pansi. Mu Sepitembala 2023 mgodi wa Bay Horse ku Chegutu unagumukira anthu. Mabanja amenewo ndi anansi athu. Palinso msampha wina wooneka waulemu, woti inu musatsike koma mukhale siponsa, muzigulira anyamata dizilo, zophulitsira ndi ufa, golide akatuluka mugawane. Amene anaphulapo alipo, ndipo ndi amene timawamva kumowa. Amene anathira penshoni yonse m'dzenje lopanda kanthu salankhula.

Ndalama ya kamodzi ija, imene munthu amalandira posiya ntchito, ndiyo imapha anthu ambiri. Munthu amene moyo wake wonse wagwira madola mazana angapo pamwezi, lero wagwira masauzande, mutu umazungulira. Woyamba kubwera m'maganizo ndi Honda Fit yoti izinyamula anthu pa mushikashika. Mwezi woyamba dalaivala amabweretsa zonse, wachitatu ayamba nkhani za apolisi ndi matayala, chaka chisanathe galimoto ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Nkhuku za nyama nazo n'chimodzimodzi. Zimakula m'masabata asanu ndi limodzi, n'zoona, koma ngati msewu wonse waweta kuti ugulitse pa Khirisimasi, mudzazigulitsa pangongole, ndipo tsiku lililonse zikakhala zikudya phindu lanu. Bizinesi imene simunaigwirepo musaipatse mpamba woposa umene mungathe kuutaya osagona ndi njala.

Tsono chuma chosungidwa chija chikhale kuti? Zimene tadutsamo zatiphunzitsa chinthu chimodzi: chisakhale malo amodzi. Madola a pansi pa matiresi sasinthidwa ndi boma, koma sabereka, akuba amawanunkhiza, ndipo mlamu akabwera ndi vuto lake mtima sulimba. Amayi anapeza njira yawo kalekale, mukando, umene abale a ku Malawi amati banki mkhonde. Mukafika tsiku la msonkhano mupeza bokosi lachitsulo pakati pa mphasa, lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa amayi atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi. Mlembi amaitana dzina, mwini wake amaika madola ake poyera, onse n'kuwerenga mokweza. Wobwereka amabweza ndi chiwongoladzanja, wochedwa amalipira chindapusa, ndipo mu Disembala amagawana. Mukando wa anthu odziwana, wosunga malamulo ake, wamangitsa zipinda zambiri m'malokeshoni muno. Koma ndi wa chaka chimodzi chimodzi, ndipo membala mmodzi akathawira ku Johannesburg ndi ngongole, onse amalira. Ndi malo okuliramo ndalama ya njerwa ndi malata, osati osungiramo penshoni yonse.

Masheya anthu ambiri amawaopa ngati za azungu, chonsecho makampani ake ndi omwe timawaona tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu Okutobala 2020 kuli msika wa masheya wa Victoria Falls, umene malonda ake ndi a madola a America. Imodzi mwa makampani a kumeneko ndi Padenga, ya ng'ona za ku Kariba, imenenso kudzera mu kampani ya Dallaglio ili ndi mgodi wa Pickstone Peerless kufupi ndi Chegutu pompano. Sindikuti kagulani imeneyo, ndikungosonyeza kuti munthu wa ku Pfupajena akhoza kukhala ndi kagawo ka mgodi popanda kugula dizilo wa munthu. Koma masheya amakwera ndi kutsika, ndipo tisaiwale kuti kumapeto kwa Juni 2020 boma linaimitsa msika wa masheya wa ku Harare kwa mwezi wathunthu ndi masiku, moti wofuna kugulitsa kuti alipire chipatala anangogwira pakamwa. Ndalama ya masheya ikhale yoti simuifuna zaka zisanu zikubwerazi, ndipo mudzere kwa wogulitsa masheya wa chiphaso. Banki yaikulu inatulutsanso makobidi a golide a Mosi-oa-Tunya mu Julaye 2022, limodzi pamtengo wopitirira madola 1,800, kenako ang'onoang'ono. Golide amasunga mphamvu ya ndalama, koma sabala mwana. Ndipo wina akakuuzani kuti ikani 100 lero, mwezi wamawa mutenge 150 osagwira ntchito, kumbukirani E-Creator, imene inazimirira ndi ndalama za anthu mu Julaye 2023.

Ng'ombe ndi chuma chenicheni kwa amene ali ndi busa ndi mwana wodalirika woziyang'anira. Koma matenda a nkhupakupa aja a Januwale anapululutsa makola ambiri m'zaka zapitazi, ndipo chilala cha 2024, chimene mtsogoleri wa dziko anachilengeza mu Epulo kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinamaliza zina. Ng'ombe zosungitsa kwa mnzanu wa kutali, zimene mumaziona kamodzi pachaka, nthawi zonse imafa ndi yanu. Kwa munthu wa m'tauni mbuzi zochepa pa poloti ya pafupi zimaposa.

Walira mvula walira matope. Tsiku limene mwasiya ntchito, khadi la chipatala la kampani nalo limatha, ndipo shuga ndi BP zimabwera pa msinkhu womwewu. Ikani mtengo wa mankhwala m'masamu aja, ndipo padera pakhale ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi yosakhudzidwa, yoti ngakhale mwana akulira foni yatsopano isatuluke. Sosaite ya maliro musaisiye. Mabungwe amenewa makolo athu ndiwo anawalimbikitsa kuno, chifukwa ankafera kutali ndi abale, ndipo mpaka lero ndi amene amaonetsetsa kuti maliro asadye mpamba wa amoyo. Ngati mwana wotsiriza akadali ku sekondale, werengani fizi yake yonse mpaka amalize musanalembe kalata. Ndipo abambo, nkhani iyi si yodzidzimutsa nayo amayi pa chakudya chamadzulo. Ndi iwo amene akudziwa kuti ufa umatha pa deti yanji. Nthawi zambiri ndi kabizinesi kawo kamene kadzanyamule nyumba miyezi yoyamba. Khalani pansi awiri. Kunena zoona, m'mabanja ambiri amene ndawaona zikuyenda, msungichuma ndi mayi.

Achibale nawo auzidwe poyera kuti amalume apuma, ndipo thandizo lija lichepa. N'zowawa kunena, koma kuwawa kwake n'kwa tsiku limodzi.

Pamene ife tikukamba zopuma msanga, boma linakweza msinkhu wopumira antchito ake kuchoka pa zaka 65 kufika 70 kuyambira mu Januwale 2025. Ena anakondwa, ndipo sindiwaweruza, chifukwa kwa munthu wopanda china chogwira, zaka zisanu za malipiro ndi moyo. Koma mphunzitsi akhoza kuima pabolodi ali ndi zaka 68. Wogwira jekihama pansi pa nthaka sangathe, ngakhale atafuna. Thupi lidzamupumitsa lokha, kapena kampani idzatero, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti wina tsikulo limamupeza atakonzeka. Abale amene mukutimvera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, musati izi n'za ku Zimbabwe zokha. Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi ndalama pabuku akudziwa zimene anadzuka nazo.

Pempho langa kwa inu sabata ino ndi laling'ono. Gulani kope la masamba ochepa, muyambe kulemba chilichonse chotuluka m'nyumba mwanu, ngakhale mtolo wa masamba, kwa miyezi itatu, kuti nambala ija ya 300 ikhale yanuyanu. Tengani chitupa chanu mupite ku NSSA ndi ku thumba la penshoni la kuntchito kwanu, mukafunse miyezi imene yalembedwa ndi dzina limene lalembedwa. Inu anyamata a zaka 30 amene mukuti nkhaniyi ndi ya madala, funsani mtengo wa poloti lero, mudzaufunsenso chaka chamawa. Ndipo amene kalata yosiya ntchito ili kale m'thumba la jekete koma makiyi a nyumba ndi a kampani, isungeni kaye kalatayo.